Chemistry ndi minor ya physics, patatha miyezi 14 ndabweranso

Chaka chatha ndinalemba modandaula kuti ndinalakwitsa kutenga physics ngati minor pambali pa chemistry, ndinati bola ndikanatenga biology ngati anzanga ambiri. Nthawi imeneyo nkuti nditangolemba supu ya electricity and magnetism, mutu utatentha, ndiye mawu ake anali a munthu wopsa mtima. Ma yaro angapo akhala akundifunsa kuti kodi zinatha bwanji, nde ndati ndifotokoze pano poti chaka chachitatu ndamaliza komanso attachment ndapanga.

Mwachidule, sindikanasinthanso. Koma zina zomwe ndinadandaula zija zilipobe.

Pomwe zinayambira kutembenuka ndi physical chemistry. Alekichala atangolemba ΔG = ΔH − TΔS pa bolodi kalasi yonse kunali zii, pomwe ine entropy ndinali nditalimbana nayo kale ku physics pa za Carnot engine, sikuti ndinkaimvetsa bwino ayi koma sinali mlendo. Titafika pa particle in a box ndi Schrödinger equation mesho wanga, yemwe minor yake ndi biology, anangotseka kope nkunena kuti ase, ine ndinabwera kudzasakaniza mankhwala osati izi. Usiku ndine ndimamuthandiza ma integral, iye nkumandibwezera pa biochemistry poti kumeneko ine ndiye ndinali mbuli yeniyeni, ma enzyme aja mpaka lero ndimangoloweza.

Koma chomwe chinandigwira mtima kwambiri chinachitika ku attachment. Ndinali mu labu yoyeza madzi a m'mijigo, ntchito yanga yambiri inali ya fluoride. Amene munakhalapo cha ku Nathenje mukudziwa mano ofiirira aja omwe anthu ena amaganiza kuti ndi kusatsuka mkamwa, chonsecho ndi fluoride wochuluka m'madzi akumwa, WHO imati fluoride asapyole 1.5 mg pa lita. Timagwiritsa ntchito njira ya SPADNS, mankhwala ofiira omwe umathira mu sampulo kenako nkuika ka cuvette, kagalasi kokhala ndi sampuloyo, mu spectrophotometer, makina oyeza kuwala kodutsa m'madzi, pa 570 nm. Tsiku loyamba graph yanga ya ma standard, madzi omwe fluoride wake ukumudziwa kale, inatuluka yotsetsereka, fluoride akamachuluka absorbance, kuwala komwe madziwo ameza, ikutsika, ine mtima phaa kuti ndaononga mankhwala a eni. Ndinabwereza kawiri. Kachitatu ndinangokhala pansi nkuganiza kuti kodi makinawa akuona chani kwenikweni, si kuwala komwe kwadutsa m'madzimo basi? Fluoride amalanda zirconium ku utoto uja ndiye kufiira kumazilala, kuwala kodutsa kumachuluka, graph ikuyenera kutsika. Palibe chomwe ndinalakwitsa. Madala ena a technician omwe amandiyang'anira anangoseka nkuti "mphwanga, ukanandifunsa m'mawa muja bwenzi pano utadya nsima." Kenako anandionetsa chala changa chomwe chinadinda pa galasi la cuvette, chimenecho ndiye chinali cholakwa changa chenicheni, nchifukwa chake manambala ena amavinavina.

Mfundo yanga ndi yakuti labu ya chemistry ya masiku ano yadzadza ndi makina a physics. Spectrophotometer, AAS yoyezera zitsulo mu sampulo, conductivity meter, zonsezi mkati mwake ndi kuwala ndi magetsi. Munthu utha kudina mabatani zaka khumi bwinobwino osadziwa zimenezi, koma tsiku lomwe makina apereka nambala yachilendo ndi pomwe umasiyana ndi mnzako, Beer-Lambert, lamulo lolumikiza absorbance ndi kuchuluka kwa mankhwala mu sampulo, imasiya kukhala chinthu cholowezera mayeso.

Tsopano zowawa zake. Magiredi anga anatsika ndipo sanabwererenso pomwe anali chaka choyamba. Ma practical mbali zonse ziwiri amadya masana ambiri pa sabata, lipoti ya uku isanathe ya uko yakwana kale, anzako ali ku mpira iwe uli ndi error analysis. Ndipo vuto lalikulu si physics ayi, ndi masamu. Ine ndinathamangira kusiya maths msanga poganiza kuti ndapulumuka, kenako differential equations inandipeza ndili chimanjamanja, ndinachita kuiphunzira ndekha pa YouTube ndi bandulo ya usiku. Ngati ku MSCE masamu munkachita kukoka, ganizani kawiri, physics ya ku sekondale ija yongolowetsa manambala mu fomula ndi ina, iyi ndi ina.

Za ntchito ndisakunamizeni. Ku Malawi Bureau of Standards, ku ma water board, ku mafakitale a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, chomwe angayambe kuona ndi chemistry yanuyo, minor ndi ndiwo zapambali chabe. Komwe ndikuona kuti ingakukankheni ndi ku za migodi, uranium wa ku Kayelekera ku Karonga, rare earths a ku Kangankunde ku Balaka, rutile wa ku Kasiya, komanso za radiation zomwe amayang'anira a Atomic Energy Regulatory Authority. Koma minor yokha sikusandutsani medical physicist, pamenepo pafunika masters. Kuphunzitsa ndiye mwayi ulipo poti physical science inagawidwa pawiri kukhala physics ndi chemistry, munthu wotha zonse ziwiri sukulu zimamufuna, ine holide yathayi ndaphunzitsako ana a fomu 4 kwathu nkupezako ya sopo ndi ya thiransipoti yobwerera.

Wina anandifunsa kuti nanga kuzitembenuza, major physics minor chemistry? Ndili ndi mnzanga anapanga choncho, akusangalala, koma iyeyo ndi uja amasova masamu podikira nsima ku kafu. Organic chemistry ndi yomwe imamuliza, akuti ma mechanism ndi ufiti.

Project yanga ya chaka chomaliza ndasankha zochotsa fluoride m'madzi pogwiritsa ntchito makala a mafupa a ng'ombe, adsorption isotherms ndi ma kinetics, thermodynamics yomwe ija yabweranso. Panopa ndili kalikiliki kupempha mafupa kwa a butchala pamsika, akumandiyang'ana ngati ndikufuna ndikapangire zizimba.