X-Men ya Chris Claremont: zomwe zakhalitsa patatha miyezi yowerenga

Papita miyezi yambiri chigulireni mavoliyumu awiri oyamba a Uncanny X-Men Omnibus, mabuku aakulu amene anasonkhanitsa nkhani zazithunzi za Marvel kuyambira pa Giant-Size X-Men ya mu 1975 mpaka nambala 153. Mabukuwa ndi olemera moti sawerengeka munthu ali chigonere, koma mapepala ake akadali olimba ngakhale ndawatsegula kawirikawiri. Nkhondo zimene zinandisangalatsa poyamba zambiri ndaziiwala. Chimene chimandibwezera ku mabukuwa ndi anthu a m'gulu la X-Men, ngwazi zobadwa ndi mphamvu zodabwitsa, ndipo ndikukhulupirira kuti nkhani ya gulu la ngwazi imayezedwa pamenepo.

Gulu latsopano la X-Men la mu 1975 analiyambitsa Len Wein ndi wojambula Dave Cockrum, kenako Chris Claremont anatenga cholembera pa nambala 94 ndi kuchigwira mpaka 1991. Anthu ake anachokera kosiyanasiyana: Nightcrawler ku Germany, Colossus ku Russia, Wolverine ku Canada, Banshee ku Ireland, ndipo Storm anamupeza ku Kenya. Poyambirira penipeni kusiyana kwawo kunali kwapamwamba chabe, aliyense akuponya kamawu ka chinenero chake kuti tidziwe kwawo. Thunderbird, mnyamata wa mtundu wa Apache, anamupha pa nambala 95 tisanamudziwe n'komwe, ndipo imfa yake sindiimva kuwawa ngakhale ndiiwerenge kangati.

Storm ndiye amaonetsa luso la Claremont. Pa nambala 102, gulu lili m'zipinda zapansi za nyumba yachifumu ku Ireland, mdani wawo Juggernaut akuphwanya anzake a Storm, mkazi amene amalamula mphepo ndi mphezi wadzipinda pansi, akulephera ngakhale kudzutsa mutu. Apa m'pamene timauzidwa kuti ali kamwana ku Cairo ndege inagwera nyumba yawo, makolo ake anafa, iye n'kukwiririka m'zigumuka pafupi ndi mtembo wa mayi ake. Mantha a malo opanikizika amenewa samatha m'nambala imodzi, amabwereranso patsogolo, choncho pamene akupatsidwa utsogoleri wa gulu, mtsogoleri wakale Cyclops atachoka, wowerenga amadziwa katundu amene wasenza. Chimene chimandinyansabe ndi m'mene Africa anaionetsera pachiyambi pake: anthu a ku Kenya opanda mayina akumupembedza ngati mulungu wa mvula, kudikira kuti Professor Xavier, woyambitsa X-Men, abwere kudzamuuza kuti iye ndi ndani. Mbali imeneyi yakalamba moipa.

Nkhani ya Dark Phoenix, ya mu 1980, imene anajambula John Byrne kuyambira nambala 129 mpaka 138, ndi imene yakula kwambiri m'maso mwanga. Jean Grey, mmodzi wa a X-Men, mphamvu zitamupitirira n'kusanduka Dark Phoenix, akumeza nyenyezi ndi kupha anthu mabiliyoni asanu a dziko la D'Bari. A Shi'ar, anthu a ufumu wa m'mlengalenga, akufuna aphedwe, ndipo anzake akumumenyera nkhondo pa mwezi akudziwa bwino lomwe kuti mlandu ali nawo. Usiku woti mawa ndi nkhondo, masamba angapo akungoonetsa aliyense payekha akulimbana ndi chikumbumtima chake, ndipo masamba amenewo ndi amphamvu kuposa nkhondo yotsatirayo. Jean akudzipha yekha pamaso pa Cyclops pa nambala 137. Mkonzi wamkulu wa Marvel panthawiyo, Jim Shooter, ndiye anakana kuti wopha anthu ochuluka chotero angokhululukidwa, ndipo pano ndimaona kuti anaganiza bwino. Zimandipweteka kuti mu 1986 Jean anamubwezanso wamoyo, chifukwa kudziwa zimenezi kumachepetsako kulemera kwa tsamba lija.

Days of Future Past, pa nambala 141 ndi 142, ndi yaifupi koma yolongosoka: chaka cha 2013, maloboti a Sentinel akulamulira America, ndipo Kitty Pryde, mtsikana wa zaka 13 amene wangolowa kumene m'gulu, ndiye wasenza zonse. Magneto, mdani wamkulu wa X-Men, nayenso amaonetsa umunthu wake pa nambala 150, pamene tikumva kuti anapulumuka ku Auschwitz.

Chotopetsa chenicheni ndi kuchuluka kwa mawu. Claremont amafotokoza m'mawu zimene chithunzi chaonetsa kale, ndipo popeza nambala iliyonse inkagulitsidwa payokha, amabwereza mphamvu za munthu aliyense mobwerezabwereza. Powerenga motsatizana, kumva za mafupa a Wolverine okutidwa ndi chitsulo cha adamantium kachikhumi kumagwetsa ulesi. Pambuyo pa kuchoka kwa Byrne pa nambala 143 nkhani zina zimayenda mwapendapenda, zina n'zongodzazira malo. Komabe amene akufuna kugula asayambire pa Dark Phoenix chifukwa chotchuka. Ayambe voliyumu yoyamba, apirire nambala zofooka zija, popeza imfa ya Jean imamveka kwa yekhayo amene wayenda ndi gululi kuyambira pa nambala 94.