Mmisiri wochuna mitundu ya zithunzi wa pa Dedza boma: zimene anakonza ndi zimene sanathe

Kwa zaka zitatu ndakhala ndikutsuka ndekha zithunzi kunyumba kwanga, m'munsi mwa phiri la Dedza, ndipo nthawi yonseyo chithunzi chotuluka papepala sichinkafanana ndi chimene ndinkachiona pa kompyuta. Chipumireni pa ntchito ya uphunzitsi ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mpingo, ndipo ndinagula pirinta ya Epson L805, ya mabotolo asanu ndi limodzi a inki, kuti ndileke kukwera minibasi ulendo wa makilomita opitirira 80 wa ku Lilongwe pongofuna kukatsukitsa zithunzi khumi. Ulendowo ndinaulekadi, koma mapepala amene ndinkataya pofunafuna mtundu wolondola ankadya ndalama zonse zimene ndinkaganiza kuti ndapulumutsa.

Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri ndi zithunzi za amayi a Chigwirizano zimene ndinajambula pa msonkhano wawo. Pa sikirini malaya awo anali oyera mbee, nkhope zonse zikuoneka bwino, koma papepala malayawo analowera ku pinki ndipo nkhope za amayi amene anaima pamthunzi wa khonde zinada mpaka kungotsala maso ndi mano. Mayi amene ankatolera ndalama za zithunzizo anaziyang'ana kwa kanthawi, n'kundifunsa mwaulemu wonse kuti, "Aphunzitsi, kodi ife tinavala malaya a pinki tsiku limenelo?" Ndinalibe poyankha. Sabata yomweyo ndinaitanitsa mnyamata wina amene ali ndi situdiyo yaing'ono pa boma, yemwe ndinamva kuti amayenda m'makomo ndi kachipangizo koyezera mitundu ya sikirini, ndipo ntchito yakeyo ndi imene ndikuiunika pano.

Ndiyambe ndi chimene chinandipatsa chikhulupiriro mwa iye. Atafika sanathamangire kutulutsa kachipangizo kake m'chikwama, koma anandipempha kuti ndisindikize kaye tsamba loyesera timabowo ta inki, limene pa dalaivala wa pirinta, pulogalamu ya pa kompyuta yoyendetsa pirintayo, limatchedwa Nozzle Check. Titaliyang'ana pawindo tinapeza kuti mizere ya inki ya buluu wopepuka inali yodukaduka. Anandifotokozera kuti inki imeneyi ikamatuluka moperewera, inki ya pinki imatsala yokha popanda yoilinganiza, choncho chilichonse choyera kapena cha mtundu wa phulusa chimalowera kufiira. Anatsuka mutu wa pirinta kamodzi kokha, n'kunena kuti kutsuka mobwerezabwereza kumangomaliza inki, ndipo tsamba lachiwiri linatuluka ndi mizere yathunthu. Gawo lina la pinki wa malaya aja linathera pamenepo, ndipo ndinazindikira kuti munthu wochuna mitundu pa pirinta yotsekeka timabowo akungotunga madzi ndi dengu.

Kenaka tinafika pa sikirini, imene anaiyatsa n'kuisiya kwa mphindi 30 kuti kuwala kwake kukhazikike. Kachipangizo kake ndi SpyderX, kopangidwa ndi kampani ya Datacolor, kooneka ngati chivindikiro cha kabotolo, ndipo kamalendewera pa chingwe chake n'kugona pagalasi la sikirini. Pulogalamu yake imaonetsa mitundu yosiyanasiyana motsatizana, kachipangizoko n'kumayeza ngati chofiira chimene sikirini yatulutsa chilidi chofiira chimene chinafunika. Kuyeza koyamba kunaonetsa kuti sikirini yanga inkawala kupitirira kawiri muyezo woyenera munthu wotsuka zithunzi. Anaitsitsa kufika pa makandela 100 (makandela ndi muyezo wa kuwala), mkati mwa muyezo wa 80 mpaka 120 umene anthu ambiri a ntchitoyi amatsata, ndipo kuyera anakuika pa 6500K, nambala yoonetsa ngati kuyerako kwalowera ku chikasu kapena ku buluu, pamene gamma, muyezo wa mmene mitundu imakwerera kuchoka ku mdima kupita ku kuwala, anaiika pa 2.2. Kuyeza kwenikweniko sikunatenge nthawi, chifukwa tiyi amene mayi akunyumba anatipatsa anali asanazizire pamene pulogalamuyo inkamaliza.

Kunena zoona, nditaona sikiriniyo koyamba ndinakhumudwa, chifukwa inaoneka yozilala ndiponso yolowera ku chikasu, ngati nsalu yoyera imene yakhalitsa mu sutikesi. Mnyamatayo anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Bambo, maso anu azolowera kunamizidwa, apatseni masiku awiri." Ananena zoona. Chifukwa chake n'chosavuta kumva munthu akachifotokoza bwino: sikirini imatulutsa kuwala kwakekwake pophatikiza chofiira, chobiriwira ndi buluu, pamene pepala lilibe kuwala kulikonse koma limangobweza kumene lalandira m'chipindamo. Sikirini ikawala mopyola, wojambula amaona ngati nkhope ya pamthunzi ili bwino, ndipo saiwalitsa, mwinanso amaidetsa kumene, tsono pepala limangoulula mdima umene unali m'chithunzimo kuyambira kale. Kwa ife amene timajambula anthu akhungu lakuda nkhani imeneyi ndi yaikulu kuposa ina iliyonse, pakuti maonekedwe onse a nkhope, kuyambira pamphumi, m'masaya mpaka pachibwano, amakhala m'mitundu yoderapo, momwe kulakwitsa pang'ono kumafafaniza munthu. Titatsegulanso zithunzi za amayi aja pa sikirini yochunidwayo, nkhope zinaoneka zakuda ndendende ngati papepala paja, ndipo ndinavomera kuti pirinta ndinkaisinjirira.

Chachitatu chimene anapeza chinali cholakwa changa chenicheni. Mu Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi, ndinali nditasankha Photoshop Manages Colors, kutanthauza kuti pulogalamuyo ndiyo iyendetse mitundu, koma dalaivala wa pirinta nayenso ankakonza mitundu yomweyo mwa njira yake. Mnyamatayo anati zili ngati ndiwo zimene mayi wathira mchere, mwana wake n'kubwera kudzathiranso osalawa. Anatsegula dalaivala n'kusankha No Color Adjustment, kuti wothira mchere akhale mmodzi. Anandionetsanso kuti kusankha mtundu wa pepala mu dalaivala si mwambo chabe, chifukwa n'kumene kumauza pirinta kuchuluka kwa inki yoti ithire, ndipo ine ndinali nditasiya pa pepala wamba kwa miyezi yosawerengeka.

Apa m'pamene anandifotokozera za ICC profile, kafayilo kakang'ono kamene kamalongosola mmene chipangizo chimodzi chimatulutsira mitundu. Dzinali limachokera ku bungwe la International Color Consortium, limene makampani monga Adobe, Apple, Kodak ndi Microsoft anakhazikitsa mu 1993 kuti makamera, masikirini ndi mapirinta azimvana. Sikirini ili ndi profile yake, imene SpyderX inapanga tsiku limenelo, ndipo pirinta imafuna ina yosiyana pa mtundu uliwonse wa pepala, chifukwa inki yomweyo imaoneka mosiyana pa pepala lonyezimira ndi pa pepala losanyezimira. Anayang'ananso mayina a mafayilo anga n'kuona kuti akuyamba ndi kamzere kapansi, chizindikiro chakuti kamera inali pa Adobe RGB, umodzi mwa miyezo yosungira mitundu m'chithunzi. Muyezo umenewu, wa mu 1998, umanyamula mitundu yambiri yobiriwira kuposa sRGB imene HP ndi Microsoft anakonza mu 1996, koma chithunzi chake chimaoneka chofwifwa chikatsegulidwa m'pulogalamu yosawerenga profile. Popeza theka la zithunzi zanga limathera pa WhatsApp, tinagwirizana zobwezera kamera pa sRGB, ndipo sindinaone chimene ndataya.

Tsopano ndinene pamene ntchito yake inaperewera, chifukwa m'pamene munthu woganiza zomuitana ayenera kutchera khutu. Pa foni anandilonjeza kuti akonza zonse, sikirini ndi pirinta yomwe, koma kachipangizo kamene ali nako kamayeza kuwala kwa sikirini kokha. Kupanga profile ya pepala kumafuna chipangizo china, spectrophotometer, chimene chimawerenga timabokosi ta mitundu tosindikizidwa papepala lenilenilo, ndipo iye alibe. Izi zikanakhala zazing'ono ndikanakhala kuti ndimagwiritsa ntchito mapepala a kampani yopanga pirintayo, pakuti ma profile ake amabwera limodzi ndi dalaivala. Koma ine, monga ojambula ambiri kuno, ndimagula mapepala otsika mtengo, a m'mapaketi opanda dzina lodziwika, ndipo amenewa alibe profile kwina kulikonse. Chimene tinachita ndi kubwereka profile ya pepala lonyezimira la kampani, kenaka n'kumayesa ndi maso, kusindikiza, kuyang'ana, kusintha pang'ono, kusindikizanso. Tinawononga mapepala khumi ndi anayi a 4R, saizi wamba ya zithunzi, onse anga, ndipo njira imeneyi ndi yomwe ija ndinkachita ndekha asanabwere, kungoti tsopano tinkayambira pafupi ndi cholinga.

Poyesa ndinasankha chithunzi chimene ndinajambula ku Chentcherere, pakati pa malo 127 a zojambula za pamiyala za ku Chongoni, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ndinachisankha dala, chifukwa kufiira kwa zojambula zakale za Akafula ndi kovuta: si kwa magazi, si kwa njerwa yootcha, koma kuli pakati, kofanana ndi katondo wouma, ndipo pathanthwe pamakhalanso zoyera za dothi zimene Achewa anajambula pambuyo pake, zomwe zimaonetsa msanga ngati pepala lalowera ku buluu kapena ku pinki. Pa pepala langa lotchipa kufiirako kunakana kuchoka ku mtundu wa lalanje, ngakhale titayesa kangapo, ndipo thanthwe la mtundu wa phulusa linkaoneka lobiriwira pang'ono m'malo amthunzi. Mnyamatayo anatulutsa m'chikwama mwake pepala limodzi la Epson Premium Glossy, n'kusankha profile yake yeniyeni, ndipo chithunzicho chinatuluka molondola ulendo woyamba. Ndinayang'ana mapepala awiriwo moyandikana kwa nthawi yaitali. Kusiyana kwake sikunali kwakuti mlendo angakuone ali pakhomo, koma munthu amene anaimapo pansi pa thanthwe lija sangasokoneze.

Za Perceptual ndi Relative Colorimetric, njira ziwiri zosamutsira mitundu kuchoka pa sikirini kupita papepala, anangodutsapo mofulumira, ndipo zambiri ndinachita kudziphunzitsa pambuyo pake. Mwachidule, pali mitundu ina yowala kwambiri, monga ya zitenje zatsopano za akwati kapena utoto wa pa zigoba za Gule Wamkulu, imene sikirini imaonetsa koma inki singaifikire. Njira yoyamba imafinya mitundu yonse pang'ono kuti ikwane m'zimene pepala lingathe, pamene yachiwiri imasiya mitundu yotheka mmene ilili n'kudula yopyolayo. Pa zithunzi za nkhope ndimasankha yachiwiri pamodzi ndi Black Point Compensation, imene imateteza malo amthunzi kuti asafafanizike mu mdima, ndipo pa zitenje zowala ndimayesa zonse ziwiri pa sikirini ndisanawononge pepala, pogwiritsa ntchito Proof Setup ya mu Photoshop, imene imaonetseratu mmene chithunzi chidzatulukire papepala. Ndikanakonda akanakhala nane pansi n'kundiyendetsa m'zimenezi, popeza ndi zomwe ndimakumana nazo sabata iliyonse.

Langizo lake limene sanalipiritse koma landithandiza kwambiri ndi la kuwala kwa m'chipinda. Khoma la chipinda changa ndi lobiriwira, babu ndi la LED loyera mopita ku buluu, ndipo ine ndinkaweruza zithunzi usiku pansi pa babu limenelo, inki isanaume n'komwe. Osindikiza enieni amayang'anira ntchito yawo pa kuwala kwa 5000K, koma kwa ine anati ndizingoyang'anira pawindo masana, dzuwa lisakuwomba papepala, ndiponso ndizidikira tsiku lathunthu chifukwa mtundu wa inki umasintha pamene ikuuma. M'miyezi ya June ndi July, pamene nkhungu imakuta phiri mpaka dzuwa litakwera ndipo chisanu cha kuno chimalowa m'mafupa, ndaona kuti kudikirako n'kofunikadi. Anandichenjezanso kuti magetsi akazima ndisamakonze zithunzi pa laputopu yoyendera batire, chifukwa imadzichepetsera yokha kuwala, ndiponso mitundu yake imasintha munthu akangoweramitsa sikirini pang'ono.

Pa khalidwe, ndi mnyamata waulemu ndi wodziwa ntchito, koma wosasunga nthawi. Tinapangana Lachiwiri m'mawa, iye anafika Lachinayi masana, osatumiza ngakhale uthenga. Sanandisiyirenso chilichonse cholembedwa, moti ndikanapanda kulemba ndekha manambala m'kope, ndikanasowa pogwira pamene mdzukulu wanga anakweza kuwala kwa sikirini kuti aonere mpira. Komabe nditamuimbira za vutolo anandiyankha moleza mtima mpaka zinabwerera m'malo, ndipo sanafune ndalama ina. Mtengo wake unafanana ndi wa mapaketi awiri a mapepala abwino, umene ndikuona kuti ndi woyenera kwa munthu wogulitsa zithunzi. Iye amalimbikitsa kuyezanso mwezi uliwonse, koma pa ntchito ya msinkhu wanga ndikuganiza zomuitana kamodzi pa miyezi itatu. Amene amangotsuka zithunzi za banja lake angathe kuchita yekha mbali yaikulu popanda kulipira: kuyesa timabowo ta inki, kutsitsa kuwala kwa sikirini, kusiya woyendetsa mitundu mmodzi ndi kugula pepala lokhala ndi profile.

Zithunzi za amayi a Chigwirizano ndinazitsukanso zonse pa pepala la kampani, mwa ndalama zanga. Malaya anatuluka oyera, mapindo a maduku akuoneka, ndipo amayi a pamthunzi wa khonde aja aliyense anazindikirika nkhope yake. Mayi wotolera ndalama uja anaziwerenga chimodzichimodzi, anagwedeza mutu movomereza, kenaka anatulutsa foni yake m'chikwama, n'kutsegula chithunzi chomwecho chimene ndinawatumizira pa WhatsApp, n'kuchiika pambali pa pepalalo. "Zili bwino, Aphunzitsi, zikomo," anatero, "koma nanga bwanji sizikuwala ngati za mufonimu?"