Ideal, 0.7V kapena Shockley: ya diode tiwerengere ndi iti?

Anzanga a chaka choyamba mu electrical kuno ku Chipata, funso ili limabwera term iliyonse, ndiye tiyeni tiziyese njira zonse zitatu zowerengera diode (kachipangizo kolola current kudutsa mbali imodzi yokha) pa circuit imodzi chabe: 5V, resistor ya 1k (ma ohm 1000), ndi diode ya silicon, monga ma 1N4007 aja timazula m'ma charger akufa.

Ideal ndi ya changu. Diode umaitenga ngati switch, ikayaka palibe voteji yotayika, 5V pa 1k ndi 5mA, basi watha. Ya 0.7V umayamba wachotsa 0.7 yomwe imatayika pa diode, kutsala 4.3V, current ndi 4.3mA. Zikuoneka ngati zofanana eti? Manje ikani ka batire ka 1.5V kaja ka mu wailesi ya agogo, ideal ikuti 1.5mA pomwe ya 0.7 ikuti 0.8mA, pafupifupi theka lonse lapita. Koma pa batire ya solar ya 12V ndi 12mA ndi 11.3mA, apo palibe angakutsutseni kwambiri. Voteji ikachepa ideal imanama maningi.

Komabe musaitaye. Akakupatsani ma diode atatu anayi mu circuit imodzi, ideal ndi imene imathandiza kudziwa iti yayaka iti yazima, umangoganizira kuti iyi ili ON, kuwerengera, ukapeza current ikubwerera m'mbuyo wadziwa kuti unaganiza zolakwika, sintha, yambanso.

Shockley, equation yolumikiza current ndi voteji ya diode, ndiye mutu umawawa. Muli exponential, muli VT (voteji yodalira kutentha) ya 26mV, muli Is (ka current kochepetsetsa kodutsa diode chobwerera m'mbuyo) yomwe a lecturer amapereka, tinene 10^-14 A, ndipo sungapeze yankho kamodzi, umabwereza bwereza pa calculator mpaka nambala itasiya kusuntha. Ine ndinatha mphindi khumi thukuta lili kamukamu, yankho 0.696V, current 4.3mA yomweyo ya uja anachotsa 0.7 n'kupita kukadya nsima. Ubwino wake ndi woti imakuonetsa kuti 0.7 si lamulo, current ikachuluka kakhumi voteji imangokwera ndi 60mV, ndipo kukatentha imatsika pafupifupi 2mV pa digiri iliyonse, ndiye musadabwe multimeter ikamawerenga zosiyanako mu Okutobala ndi mu Juni.

LTspice, pulogalamu ya pa kompyuta yoyesera ma circuit, ndi yaulere, yabwino pocheka homuweki, koma mu mayeso simulowa ndi laptop, ndipo magetsi akapita yapita nawo.

Ine ndimayenda ndi 0.7 pokhapokha funso litanena lokha kuti ideal kapena litapereka Is. Chenjerani chabe, germanium ndi 0.3V, LED yofiira ndi pafupifupi 2V, ndipo pa bridge rectifier (ma diode anayi osintha AC kukhala DC) ma diode awiri amayaka nthawi imodzi, ndiye mumachotsa 1.4V. Ine ndinachotsa 0.7 imodzi pa test yoyamba, mamaki a funso lonse anapita.