Mitu ya Hornady V-Max ya 55 grain: pa nkhandwe ndi yabwino, pa nyama yodya ayi

Kwa inu amene mumadzaza nokha zipolopolo za .223 Remington, mitu iyi (mutu ndi mbali ya chipolopolo imene imauluka mfuti ikalira, ndipo grain ndi muyezo wa kulemera kwake) ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndimaigwiritsa ntchito pa famu ya nkhosa kuno ku Karoo, ku South Africa, komwe nkhandwe zimatha ana a nkhosa nyengo yoswa ikafika, ndipo ulonda wa usiku uli pa ine.

Mutu uliwonse uli ndi kansonga kofiira ka pulasitiki. Ukagunda nyama, kansongako kamakankhikira m'kati mwa mtovu, mutu wonse n'kusweka. Nkhandwe yolasidwa pachifuwa imagwa pomwepo, osati kuthawa ndi bala kukafera kutchire. Ndicho ndinagulira, ndipo sindinakhumudwe.

Musanagule, dziwani mizere ya m'kati mwa mpope wa mfuti yanu. Wanga umazunguliza chipolopolo kamodzi pa mainchesi 12, ndipo 55 grain ndi pafupifupi malire ake. Mitu ya 69 kapena 77 grain imafuna mpope wozunguliza kamodzi pa mainchesi 9 kapena 8, apo ayi imafika pa pepala loyeserapo kuwombera chopingasa, bowo lake n'kukhala lotalika. Iyi pa mamita 100 imaboola pamodzi, mabowo onse kubisika ndi ndalama ya R5.

Nkhani yaikulu ili pa onga. Ndayesa mitundu iwiri: Somchem S335 wa konkuno ndi Varget wa Hodgdon, amene amapangidwa ku Australia. Varget amatchuka chifukwa sasintha kwenikweni ndi kutentha, ndipo ku Karoo zimenezo n'zofunika, poti masana a Januwale dzuwa limaswa mtengo pomwe usiku wa Julaye madzi amaundana m'zomwera nkhosa. Koma timbewu take ndi totalika, satsika bwino m'choyezera, ndiye chipolopolo chilichonse ndimachita kuyeza pa sikelo, n'kumawonjezera kambewu kamodzikamodzi. Zimadya nthawi, komanso ndi wodula. S335 ndiye wa tsiku ndi tsiku, ngakhale onga wa Somchem unasowa kwambiri fakitale yake ya ku Macassar, pafupi ndi Cape Town, itaphulika mu Seputembala 2018, ngozi imene inapha anthu 8. Ndi onga wonsewu mitu iyi imauluka bwino, ndipo nkhandwe sizisiyanitsa.

Kuchuluka kwa onga musafunse ine kapena gulu la pa WhatsApp. Tengani m'buku la opanga ongawo, yambani ndi muyezo wotsika, muzikwera pang'onopang'ono. Mukaona primer (kachitsulo ka kumbuyo kwa chipolopolo koyatsa onga) yaphwathalala kapena bolt (chitsulo chotsekera chipolopolo mu mfuti) ikulimba potsegula, imani pomwepo. Muyezo wa onga wina musaugwiritse ntchito pa unzake.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha mphepo. Mutu umachoka pa liwiro la pafupifupi mamita 1,000 pa sekondi, koma ndi wopepuka, magalamu atatu ndi theka basi, ndiye kupitirira mamita 250 mphepo ya kuno imaukankha ndithu. Komanso pa springbok, nyama yonga mphoyo imene timasaka kuti tidye, musayerekeze: ukagunda fupa la phewa umasweka usanalowe m'kati, nyama imavutika, ndipo ndiwo yake imadzaza tizidutswa ta mtovu. Ya ndiwo gulani mitu ina yosasweka.

Bokosi la mitu 250 limatchipirako pa mutu uliwonse kuposa kugula mabokosi a mitu 100. Kusitolo tengani laisensi ya mfutiyo, chifukwa onga ndi primer sangakugulitseni popanda iyo.