Ufa wa taurine wa mphaka wathu: zomwe ndaona patatha miyezi isanu

Ndinagula botolo la magalamu 100 la ufa wa taurine, kachinthu kofunika pa mtima ndi maso a mphaka, mu Okutobala, adokotala a ziweto atandiuza kuti ndiupeze msanga. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikumupatsa Mwaye, mphaka wathu wakuda, m'mawa ndi madzulo osadumphitsa, ndipo tsopano ufawo watsala pang'ono pansi pa botolo. Ndikuupatsa nyenyezi 4 pa 5. Koma kuti mumvetse chifukwa chake, ndiyambe ndi mmene tinafikira pougula.

Tikukhala ku Lunzu, Mwaye ankadzidyetsa yekha. Usiku ankagona pafupi ndi matumba a chimanga, m'mawa timapeza mchira wa khoswe pakhomo. Titasamukira m'tauni ku Blantyre, nyumba yake inali m'mbali mwa msewu, ndiye ndinayamba kumutsekera m'nyumba poopa magalimoto. Chakudya chake chinakhala chathu chomwecho: nsima, msuzi wa nyemba, ma soya pieces, ndi timibulu ta chakudya cha galu popeza thumba lake linalipo kale. Ankadya n'kukhuta, ine n'kumati zonse zili bwino. Zinayenda choncho kwa chaka ndi theka.

Kenako anasiya kudumphira pawindo pomwe ankakonda kuothera dzuwa. Ankangobisala kuseri kwa sofa, akupuma mwaphuma, mimba ikukwera ndi kutsika ngati wathamanga. Madzulo ena ndinamuona akugunda ndowa imene yakhala pamalo omwewo kuyambira tsiku lomwe tinalowa m'nyumbamo. Mtima unandipweteka, ndipo m'mawa mwake ndinamunyamula m'dengu kupita naye kwa adokotala.

Adokotala anamvetsera pachifuwa pake nthawi yaitali, n'kumuunika m'maso ndi katochi. Kenako anandifunsa kuti, "Mayi, kodi mphakayu amadya chiyani kunyumba?" Nditafotokoza, anandikhazika pansi. Anati taurine ndi kachinthu kamene kamapezeka kambiri mu mtima, m'minofu, mu ubongo ndi m'kati mwa diso momwe mumafikira kuwala. Kamathandiza mnofu wa mtima kugunda mwamphamvu, komanso kamalowa mu ndulu kuti mafuta agayike m'mimba. Ife anthu chiwindi chathu chimapanga taurine kuchokera ku zakudya zomanga thupi, ndipo agalu ambiri amateronso. Mphaka amapanga wochepa kwambiri, chonsecho amamutaya tsiku lililonse kudzera mu ndulu, ndiye ayenera kumupeza m'nyama. Mu nsima, nyemba ndi soya mulibiretu. Apa m'pamene ndinazindikira kuti makoswe a ku Lunzu aja ndiwo ankasunga moyo wa Mwaye, ndipo pomutsekera m'nyumba ndinamulanda chakudya chake chenicheni osamupatsa china cholowa m'malo.

Vutoli si lachilendo ayi. Mu 1987, akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis, ku America, anasonyeza kuti amphaka ambiri omwe mtima wawo unali utatambasuka n'kufooka ankasowa taurine, ndipo atapatsidwa, mtima unayambanso kugwira ntchito bwino. Kuchokera nthawi imeneyo opanga chakudya cha amphaka anayamba kuonjezeramo taurine wokwanira. Chakudya cha galu sachipanga poganizira zosowa za mphaka, n'chifukwa chake sichingalowe m'malo.

Ufa womwewo ndi woyera, wooneka ngati shuga wosalala, ndipo sununkha kanthu. Ndinaulawa pang'ono palilime: ukumveka kuwawasa patalipatali. Ichi ndiye chandisangalatsa koposa, chifukwa aliyense amene anayesapo kumwetsa mphaka piritsi akudziwa nkhondo yake. Uwu ndimangowaza pa chakudya chonyowa, n'kutakasa ndi supuni, Mwaye amanyambita mbale yonse osazindikira. Adokotala anandiuza kuti ndizimupatsa mamiligalamu 250 kawiri pa tsiku, pamodzi ndi mankhwala ochotsa madzi m'thupi omwe anamwa masabata oyambirira, komanso kuti ndisinthe chakudya. Choncho zinthu zitatu zinayendera limodzi, ndipo ufawu ndi mwendo umodzi wa mpandowo.

Sabata yachiwiri anayamba kudya ndi chilakolako. Pofika mwezi wachiwiri kupuma kunali kutakhazikika, moti ndinkatha kukhala pambali pake akugona n'kumaona chifuwa chikuyenda pang'onopang'ono. Tsiku limene ndinamupeza pawindo paja, atapinda miyendo padzuwa, ndinaimbira foni amuna anga kuntchito. Titabwerera kwa adokotala mu Januwale anati mtima ukumveka bwino kwambiri kusiyana ndi poyamba.

Maso okha sanabwerere, ndipo apa ndikufuna ogula amve bwinobwino. Adokotala anandiuziratu kuti mbali ya diso imene yawonongeka chifukwa chosowa taurine sichira. Ufawu umangoletsa kuti vuto lisapitirire. Masana Mwaye amayenda bwino, koma kukayamba mdima amayenda mosamala, ndevu zili patsogolo. Pa botolo palibe paliponse pamene analemba zimenezi, ndipo munthu angagule ali ndi chiyembekezo chimene ufawu sungakwaniritse.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha kapakidwe. Kasupuni ka m'botolo sikanalembedwe kuti kamatenga mamiligalamu angati, moti ndinachita kupita nako kwa adokotala kuti andiyezere pasikelo n'kundisonyeza pofikira. Chivindikiro nachonso sichitseka mwamphamvu. Mvula itafika pachimake ufa unayamba kuumbika timibulu, ndipo ndinausamutsira m'botolo lagalasi lotseka bwino. Sunawonongeke, koma kuyeza mlingo kunavuta.

Mphwanga ataona dzina pa botolo anati, "Achemwali, izi si zija amathira m'zakumwa zopatsa mphamvu, zomwe amati n'zochokera ku umuna wa ng'ombe?" Taurine wake ndi yemweyo, koma za umunazo ndi mphekesera chabe. Dzinali likuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza ng'ombe yamphongo, chifukwa akatswiri awiri a ku Germany, Friedrich Tiedemann ndi Leopold Gmelin, anamupeza koyamba mu ndulu ya ng'ombe mu 1827. Wa masiku ano amapangidwa kufakitale. Chonde musayerekeze kumwetsa mphaka zakumwa zimenezo pofuna njira yachidule, chifukwa muli caffeine, yemwe kwa mphaka ndi poizoni.

Kodi aliyense woweta mphaka agule? Ayi. Ngati wanu amadya chakudya cha amphaka cholembedwa kuti n'chokwanira, taurine alimo kale. Ufawu ndi wa mphaka amene adokotala amuona n'kunena kuti akufunika. Ife pano timagula chakudya cha amphaka, ndipo kawiri pa sabata ndimamuphikira mitima ya nkhuku ndi nyama ya kuntchafu. Msuzi wake sindikutayanso, ndimauthira m'mbale momwemo, chifukwa taurine amasungunukira m'madzi pophika. Mipando ya pabalaza tinasiya kuisuntha, ndipo ndowa ija ndinaichotsa panjira yake yopita kukhitchini.