DOSBox Staging yandibwezera zithunzi za achimwene mmene anazijambulira

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito DOSBox Staging, pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu akale a DOS (dongosolo loyendetsa makompyuta akale) pa kompyuta ya lero, kwa miyezi ingapo tsopano. Sindinaitengere masewera ngati mmene ambiri amachitira. Ndinkafuna kutsegula zithunzi zimene malemu achimwene anga anajambula pa pulogalamu yojambulira ya Deluxe Paint II kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mafayilo ake ndi a mtundu wotchedwa LBM, ndipo ndinawakopera kalekale kuchokera pa madisiki aang'ono aja asanawonongeke.

Chimene chinkandipweteka mtima ndi ichi. Pali chithunzi china cha njinga ya bambo athu itatsamira pakhoma. Ndikachitsegula pa pulogalamu ina yomwe ndinkagwiritsa ntchito poyamba, mateyala ankaoneka ngati mazira ogona, nkhope za anthu zophwatalala ngati wina wazikhalira. Ndinafika poganiza kuti mwina achimwene dzanja linali lisanakhwime. Ndinawalakwira.

Vuto linali la sikirini. Makompyuta a nthawi imeneyo okhala ndi VGA, njira yoonetsera zithunzi pa sikirini yomwe kampani ya IBM inatulutsa mu 1987, ankaonetsa zithunzi za mitundu 256 pa timadontho 320 m'lifupi ndi 200 kutsika. Koma galasi la monita yachimimba ija linali la 4:3 (magawo anayi m'lifupi, atatu kutsika), choncho kadontho kalikonse kankakokeka m'mwamba, kutalika kwake kukhala 1.2 poyerekeza ndi m'lifupi. Wojambula ankakonza bwalo lake akuyang'ana pa galasi limenelo. Masikirini a lero timadontho take n'tofanana mbali zonse, ndiye ukaika chithunzicho osachikoka kuti mizere 200 itenge malo a 240, chilichonse chimafupika.

DOSBox Staging imakonza zimenezi yokha, osakhudza chilichonse. Tsiku loyamba nditatsegula njinga ija, mateyala anali ozungulira bwinobwino, mpaka masipoko kuoneka olingana. Ndinakhala phee kwa kanthawi, kenako ndinaitana achemwali kuti adzaone.

Mtundu wa 0.81, umene unatuluka mu 2024, unawonjezera china chomwe sindinkadziwa kuti ndikuchisowa. Umatengera maonekedwe a monita zakale ndipo umasankha wokha oyenera malinga ndi mtundu wa chithunzi chomwe pulogalamu ikutulutsa. Achimwene ankakonda kusakaniza timadontho ta mitundu iwiri moyandikana kuti papezeke mtundu wachitatu, makamaka pa mitambo. Pa sikirini yakuthwa ya lero pamaoneka ngati nsalu ya mabokosi, koma apa pamasalala monga ndinkaonera ndili mwana, nditaima kumbuyo kwa mpando wawo.

Kwa amene mukufuna kuyesa, ndi yaulere ndipo imayenda pa Windows, Linux ndi macOS. Deluxe Paint yeniyeniyo muyenera kukhala nayo kale, sibwera limodzi. Konzekeraninso kulemba malamulo monga mount la DOSBox ndi cd la DOS. Ine zinanditengera madzulo amodzi kuti ndiwakumbukire. Maonekedwe a monita yakale aja amakoma kwambiri pa sikirini yaikulu ya timadontho tambiri. Pa laputopu yanga yaing'ono ndi abwino ndithu, koma pa monita ya kuntchito ndi pomwe ndinaona kukongola kwake konse.

Ndaipatsa nyenyezi zisanu. Zithunzi zomwe ndatsegula kale ndi za pa madisiki awiri, atsala anayi, ndipo chotsatira ndi fayilo yomwe achimwene anaitcha AGOGO.LBM.