Dementia: kumuuza wodwalayo kapena kungouza abale?

Adokotala akapeza kuti munthu ali ndi dementia, matenda oiwalaiwala aja, njira zimakhala ziwiri, kumuuza mwini wakeyo kapena kungonong'oneza abale iye osadziwa kanthu.

Zongouza abalezi ambiri amazikonda, ati kuopa kumukhumudwitsa, ndipo zoona nkhaniyi ndi yowawa poti Alzheimer's, yomwe imayambitsa dementia mwa anthu ambiri, ilibe mankhwala ochiziratu, mankhwala omwe alipo ngati donepezil amangochepetsako zizindikiro basi. Koma munthuyo amakhala akudziwa kale kuti china chake sichili bwino, mayina akumuthawa, akusochera njira yoti waiyenda zaka zambirimbiri, ndiye nonse mukamangoti "ndi ukalamba chabe agogo" amayamba kukukayikirani.

Kumuuza mwini wake kumafuna nthawi, osati choimirira pakhonde ayi. Afunsidwe kaye akufuna kudziwa zochuluka bwanji, pakhale wachibale amene wamusankha yekha, ndipo zibwerezedwe tsiku lina poti zambiri aiwala. Matenda akadali koyambirira amatha kunena yekha za ndalama zake, wilo, komanso amene adzamusamalire, nchifukwa chake ine ndili mbali imeneyi. Akafika poti sakugwiranso nkhani, apo kukambirana ndi abale kumakwanira.